Tikambirane: Injiniya wa lero ndi kompyuta

Abale a ku Fonte Boa ndi midzi yozungulira, sabata ino tikambe za ana athu amene akamaliza kalasi 12 amati akufuna kukhala mainjiniya.

Sukulu zake zilipo, ndipo si kutali. Ku Tete kuli Instituto Superior Politécnico de Tete, imene boma linakhazikitsa mu 2005. Kumeneko amaphunzitsa za migodi ndiponso za makompyuta. Ku Songo, pafupi ndi damu la Cahora Bassa, kuli ina ya mu 2008 yophunzitsa za madzi ndi magetsi. Konkuno ku Ulónguè kuli nthambi ya zaulimi ya Universidade Zambeze.

Koma dziwani ichi. Kale injiniya tinkamudziwira pensulo yapakhutu ndi chipepala chachikulu patebulo. Lero mapulani a mlatho amajambulidwa pa kompyuta. Kuchuluka kwa malasha ali pansi ku Moatize ndi madzi oyenera kutuluka m'damu, zonsezi amawerengera pa kompyuta. N'chifukwa chake sukulu za uinjiniya zinaonjezera phunziro lolemba mapulogalamu. Ine ndikuti zinachita bwino.

Wina anena kuti, "Mwana wanga foni amaidziwa kale." Ayi, bambo. Kutsegula Facebook n'kwina, kulemba pulogalamu n'kwina. Kulemba pulogalamu ndiko kuuza makinawo zochita, chimodzi chimodzi mwa dongosolo lake, monga mmene mumauzira waganyu kapangidwe ka mizere ya mbatatesi. Mukadumpha chimodzi, makina sakufunsani, angolakwitsa basi.

Nkhawa yanga ili apa. Mwana wa kuno amene sanakhudzepo kompyuta akakhala pa benchi imodzi ndi wa mumzinda amene anakula nayo. Akagwa chaka choyamba, ndalama za mbatatesi ndi tirigu zimene munatuma zapita pachabe. Osati chifukwa mwanayo ndi mbuli, koma chifukwa anachedwa kuyamba.

Nanga titani? Choyamba, mwana alimbikire masamu, pakuti muzu wa zonsezi ndi masamu, ndipo masamu safuna magetsi. Chachiwiri, pa msonkhano wa makolo kusukulu funsani ngati makompyuta alipo, ndiponso ngati ana amawagwiradi kapena amangowaonera pawindo. Chachitatu, atsikana asasiyidwe kunja ati akatunge madzi pamene anyamata ali pa makina.

Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Tisadikire kuti ana akayambire ku Tete.

Tionane sabata yamawa.