Chitunda chimalimbitsa mtima, koma mtsetse umafuna mabuleki

Lero tikambirane za njinga yakapalasa ndi misewu yathu ya m'mapiri.

Ngati mumakhala cha ku Dedza, Ntcheu, Zomba kapena Rumphi, munawaonapo alendo ochokera kunja akukwera chitunda panjinga, chipewa cholimba kumutu, botolo la madzi pambali, thukuta lili kamukamu. Anthu amenewa amalipira ndege kuti adzapalase m'misewu imene inu mumadutsamo popita kuchigayo. Ambiri timangowaseka kuti asowa chochita ndi ndalama. Maganizo anga ndi akuti chimene iwo amachifuna kuno, inunso ndi ana anu chingakupindulireni, ndipo inu simusowa tikiti. Ndikupemphani kuti njinga musawamane ana, makamaka atsikana. Chimene muyenera kukaniza pakhomo panu ndi njinga yopanda mabuleki.

Taonani kaye zimene zili m'mbali mwa misewu imeneyi. Pafupi ndi boma la Dedza, mbali ya ku Linthipe, kuli mapiri a Chongoni. M'mapanga ake, monga ku Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi, muli zithunzi zojambulidwa pamiyala kalekale. Zofiira anajambula ndi Akafula, anthu amene ankakhala kuno Achewa asanafike. Zoyera anajambula ndi Achewa, ndipo zambiri zikukhudza chinamwali cha atsikana, mvula ndi miyambo ya maliro. Bungwe la UNESCO linaika malo 127 a ku Chongoni pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Amayi, zina mwa zithunzi zimenezi ndi manja a agogo athu aakazi. N'zomvetsa chisoni kuti mwana wanu wamkazi akule pansi pa phiri limenelo osaziona, pomwe mlendo waziona.

Mukapitirira Dedza mumsewu wa M1 n'kufika pa Masasa, pali msewu wokhotakhota wotsikira ku Golomoti, uja ambiri amautcha Khwekhwerere. Mukatsika n'kulowera cha ku Mtakataka mupeza mishoni ya Mua, imene ansembe a White Fathers anayambitsa mu 1902. Pamenepo pali Kungoni, malo amene Bambo Claude Boucher anatsegula mu 1976, pomwe amasunga mbiri ndi miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Kwa inu a ku Lilongwe, mukapatuka pa Kamphata msewu umakufikitsani ku Nkhoma, mishoni ya mu 1896 imene ili patsinde pa phiri, nyumba zake zakale za njerwa zikadalipo. Onsewa ndi malo oti munthu wapafupi angafike panjinga n'kubwerako tsiku lomwelo.

Nanga thupi lipindulanji? Kupalasa njinga kumagwiritsa ntchito minofu ikuluikulu ya m'miyendo, mtima umapopa magazi mwamphamvu, ndipo thupi limagwiritsa ntchito shuga amene ali m'magazi. N'chifukwa chake kumathandiza kupewa ndi kuchepetsa kuthamanga kwa magazi, matenda a shuga ndi kunenepa kopitirira. Sikupwetekanso mawondo ngati kuthamanga, popeza thupi lakhala pachishalo. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu azichita zolimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndipo mwana wa zaka 5 mpaka 17 mphindi 60 tsiku lililonse. Mphindi 30 panjinga kwa masiku asanu, mwakwanitsa.

Ndikudziwa kuti wina akuti, "Anamwino, ife timalima, timatunga madzi, timakwera phiri ndi mtolo wa nkhuni. Mukufuna tiwonjezerenso?" Mukunena zoona. Bambo amene amakankha matumba atatu a makala pachitunda sakusowa masewero. Iyeyo akusowa madzi akumwa, chakudya ndi kupuma. Koma m'mudzi momwemo muli wina wokhala muokala tsiku lonse, muli wina amene masiku ano amakwera kabaza wa njinga yamoto ngakhale popita pamsika wapafupi, muli ana amene akaweruka amangokhalira kanema. Matenda a shuga ndi BP anafika kale kumudzi, ndipo anthu amenewa ndiwo amayamba kudwala.

Tsopano za atsikana. M'madera ena anthu amati mtsikana akamapalasa njinga sadzabereka, kapena ataya unamwali wake. Zimenezi si zoona. Chiberekero chili mkati, chotetezedwa ndi mafupa a m'chiuno, ndipo chishalo sichifikako. Njinga siichotsa unamwali wa munthu. Chimene njinga imachita ndi kufupikitsa ulendo wa kusukulu, kuti mwana afike asanatope ndiponso abwerere kunyumba kusanade. Mayi wodziwa kupalasa sadikira kuti bambo abwere kaye mwana akatentha thupi. M'mera mpoyamba: muphunzitseni ali wamng'ono, pabwalo lathyathyathya, ndipo mumupatse chovala chosakodwa mu tcheni kapena m'masipoko.

Koma ndisakubisireni kuopsa kwake. Pokwera munthu amangotopa. Amene amabwera kuchipatala atavulala kwambiri nthawi zambiri amakhala kuti amatsika. Msewu ngati wa Khwekhwerere umachoka pamwamba pozizira mpaka kuchigwa cha kunyanja, mtsetse wake ndi wautali ndipo makona ake ndi akuthwa. Njinga ikanyamula katundu kapena munthu kumbuyo imathamanga kwambiri ndipo imavuta kuimitsa. Timabala ta mabuleki tikatha, kapena mvula ikanyowetsa mikombero, mumagwira mabuleki koma njinga imangopita. Anyamata ena amaponda tayala ndi patapata kuti aime. Pamtsetse wautali zimenezo sizithandiza.

Choncho musanatuluke, gwirani mabuleki onse awiri n'kukankha njinga. Ikayenda, isapite kuphiri. Timabala ta mabuleki n'totsika mtengo kuposa thiransipoti yopitira kuchipatala cha boma. Poyenda khalani kumanzere kwa msewu, mmodzi kutsogolo wina pambuyo. Yambani kugwira mabuleki musanafike pakona. Pamene patsetsereka kwambiri, tsikani muzikankha. Achinyamata amaopa kusekedwa ndi anzawo, koma akumbutseni kuti mbewa yamanyazi inafera kuuna. Usiku njinga ikhale ndi nyali ndi chonyezimira kumbuyo, wokwerayo avale chowala. Chipewa cholimba chija chimateteza mutu, ndipo ngati mungachipeze ngakhale cha pakaunjika chosang'ambika, gulani. Woledzera asakunyamulireni mwana, ngakhale akhale bambo ake.

Amayi, mwana wamng'ono akakhala pakeliyala miyendo ili lendelende, phazi limalowa m'masipoko. Chidendene chimasupuka, nthawi zina fupa limathyoka, ndipo bala lake limachedwa kupola. Muvekeni nsapato, mumuikire poponda, ndipo mbali zonse ziwiri za tayala lakumbuyo mutchinge ndi kathabwa kapena pulasitiki wolimba. Mwana amene akuodzera asakhale yekha kumbuyo.

Kwa inu oyembekezera, mimba ikakula thupi silikhazikika bwino panjinga, ndipo kugwa kungachititse nsengwa kuchoka m'malo mwake mwana asanabadwe. Ngati kwanu n'kuphiri ndipo chipatala chili kutali, musadikire kuti matenda ayambe ndiye muzitsika mtsetse usiku pakeliyala. Kambiranani ndi anamwino kusikelo, ndipo masiku akayandikira pitani kukadikirira kuchipatala. Mukagwa muli ndi pakati pitani kuchipatala tsiku lomwelo, makamaka mukaona magazi, mukamva kupweteka m'mimba, kapena mwana akasiya kugunda.

Munthu akagwa panjinga, tsukani bala ndi madzi oyera ambiri ndi sopo mpaka mchenga utachoka, kenaka mangani ndi nsalu yoyera. Musathirepo dothi, phulusa, ndowe kapena mafuta a galimoto, chifukwa bala lauve ndilo khomo la kafumbata. Bala likakhala lakuya pitani kuchipatala, akaonenso za katemera. Ngati wamenyetsa mutu, muyang'anireni usiku wonse ndi tsiku lotsatira, ngakhale akuoneka bwino. Akamasanza mobwerezabwereza, akamavuta kudzutsa, akamalankhula zosamveka, akakomoka, mutu ukamapweteka mowonjezereka, kapena m'khutu ndi m'mphuno mukamatuluka magazi kapena madzi, thamangani naye. Akamadandaula khosi kapena msana, musamukhazike panjinga ina. Mugonekeni pachinthu cholimba, mutu usagwedezeke, mufune galimoto.

Amene muli kale ndi BP kapena shuga, yambani pang'onopang'ono pamalo osakwera, ndipo mankhwala musasiye. Mukamva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena kubanika kwachilendo, imani ndipo mukaonane ndi achipatala. A shuga muzitenga kanthu kotsekemera m'thumba.

Nyengo yabwino ya ulendo wotere ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, mvula itatha, dzuwa lisanakwiye. Ku Dedza m'mawa kumazizira kwambiri mu Juni ndi Julayi, choncho ana avale juzi. Kuchigwa cha Golomoti ndi Mua mu Okutobala kumatentha zedi, ndipo mukagonako musaiwale neti. Sankhani Loweruka limodzi ana akatsekera. Konzetsani njinga dzulo lake, tengani madzi owiritsa kapena othira mankhwala, mbatata, nthochi ndi pampu, ndipo nyamukani m'mawa. Ana aang'ono asankhireni malo apafupi, misewu ya magalimoto ambiri muipewe. Mukafika funsani oyang'anira malowo akutsogolereni. Ku Chongoni auzeni ana kuti zithunzi sagwira, salembapo maina, ndipo pansi pa phanga sasonkha moto.

Uthengawu mukambirane ndi bambo a kunyumba madzulo ano, ndipo muwapemphe ayese mabuleki inu mukuona. Mukauzenso anzanu a kubanki m'khonde ndi akusikelo. Khalani bwino nonse.