Ndere Zikachuluka M'dziwe la Nsomba

Madzi obiriwira m'dziwe si matenda ayi. Makumba amadya ndere zing'onozing'ono zomwe zimabiriwitsa madziwo, n'chifukwa chake timathiramo manyowa. Vuto limayamba ndere zikapyola muyezo, makamaka mu Okutobala ndi Novembala, dzuwa likamaswa mtengo kuno ku Thambani.

Masana ndere zimatulutsa mpweya wabwino, koma usiku zimaulimbirana ndi nsomba. Mukalawira m'bandakucha n'kupeza nsomba zili kukamwa yasa pamwamba pa madzi, dziwani kuti zikubanika. Mukachedwa, muziwola zitafa.

Yesani chonchi: pisani dzanja m'madzi. Chikhatho chizizimirira madzi akafika m'chigongono. Chikasowa musanafike masentimita 20, ndere zanyanya.

Zikatero, lekani kaye manyowa, ndipo madeya muchepetse. Tulutsani madzi ena, mulowetse atsopano. Ndere zansinga zoyandama zija zivuuleni ndi ukonde n'kukazitaya patali ndi dziwe. Mankhwala a m'munda musayerekeze, amapha nsomba zomwe.

Mukaona pamwamba payala zobiriwira ngati penti, zonunkha, ziweto zisamwe madziwo, chifukwa ndere zamtunduwu zina zimakhala ndi poizoni. Itanani mlangizi wa zansomba msanga.