Poizoni Wakeyo Dzina Lake Ndani?

Basi yaikulu ikangotuluka pa Wenela, mlaliki n'kumaliza pemphero, amaimirira wina wa chikwama chakuda. Amayamba ndi kutikumbutsa kuti galimoto timapita nayo ku sevisi kukakhetsa oyilo wakuda, ndiye amafunsa kuti thupi lathu tinalitsuka liti. Kenako amatulutsa timapaketi ta ufa wobiriwira ndi timabotolo topanda adiresi. Akuti ukamwa masiku atatu, zoipa zonse zimene zinaunjikana m'magazi, m'chiwindi ndi m'matumbo zituluka. Amene sakwera basi uthengawu umawapeza pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp, utavala suti komanso dzina lachizungu la detox, mtengo wake utakwera kangapo.

Ifenso tili ndi funso, ndipo ndi lalifupi. Poizoni amene akutulukayo ndi uti? Dzina lake ndani? Analipo wochuluka bwanji munthu asanamwe tiyiyo, ndipo watsala wochuluka bwanji atamwa? Anayeza ndani, ndi chipangizo chanji?

Mafunsowa sitinayambe ndife. Mu 2009, gulu la asayansi achinyamata la bungwe la Sense About Science ku Britain linafunsa makampani amene ankagulitsa zinthu 15 zolembedwa kuti ndi za detox. Panalibe makampani awiri amene anagwirizana pa tanthauzo la mawu akuti detox, ndipo umboni wogwirika sunaoneke. Mu 2015, Alice Klein ndi Hosen Kiat a ku Australia anasonkhanitsa kafukufuku yense amene analipo pa nkhaniyi. Anapeza kuti zakudya za detox zogulitsidwa pamsika zinali zisanayesedwepo mwa njira imene mankhwala enieni amayesedwera, yogawa anthu m'magulu awiri mwamaere, ena n'kulandira ena ayi, kenako n'kuyerekeza. Tikafukufuku tochepa timene tinalipo tinali ta anthu owerengeka ndiponso tolakwika m'kachitidwe. Malonda a ndalama zankhaninkhani chonchi, alephera bwanji kulipira kafukufuku mmodzi wooneka bwino? Kapena akudziwa kale chimene angapeze?

Fanizo la galimoto lija limagwira mtima, koma n'labodza pamfundo yake yeniyeni. Injini siisintha yokha oyilo. Thupi limatero usana ndi usiku. Chiwindi chimalandira zimene zachokera m'matumbo, kuphatikizapo mowa ndi mankhwala, n'kuziphwanya kukhala zinthu zosungunuka m'madzi kuti zituluke ndi mkodzo kapena ndi ndulu. Impso iliyonse ili ndi tizisefa pafupifupi 1 miliyoni, ndipo ziwirizo zimasefa madzi a m'magazi okwana malita pafupifupi 180 pa tsiku, n'kubwezera ambiri m'thupi, n'kutaya lita imodzi kapena awiri ngati mkodzo. Mapapo akutulutsa mpweya woipa pamene mukuwerenga pano. Kodi kapu ya mandimu, jinja ndi adyo ikuwonjezerapo chiyani pa ntchito imeneyi? Ikuthandiza sefa iti?

Nanga ziwalozi zikalepheradi, munthu amaoneka bwanji? Sakhala pabasi n'kumadandaula za kutopa ndi ziphuphu. Maso amachita chikasu, miyendo ndi mimba zimatupa, mkodzo umachepa, mutu umasokonezeka. Ameneyo malo ake ndi ku Queen Elizabeth kapena ku Kamuzu Central, kumene makina osefa magazi a dialysis ndi ochepa kuyerekeza ndi anthu amene akuwafuna. Kuchotsa poizoni m'thupi kulipodi, ndipo madokotala amakuchita. Munthu akamwa tameki amamubaya atropine. Ana a ku Kabwe m'dziko la Zambia, kumene mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994 koma dothi likadali loipa, amayezedwa magazi, nambala n'kulembedwa, ndipo amene mtovu wawachulukira kwambiri amapatsidwa mankhwala ougwira kuti utuluke, kenako n'kuyezedwanso. Pamenepo poizoni ali ndi dzina, ali ndi muyezo, ali ndi mankhwala ake. Wa m'kapaketi kobiriwira uja alibe chilichonse mwa zitatuzi.

Wina ayankha kuti anaona yekha ndi maso ake zoipa zikutuluka. Apa m'pofunika kudekha, chifukwa malonda onsewa aima pa zimene maso aona.

Tiyambe ndi beseni lotsukira thupi kudzera kumapazi. Amathiramo madzi ofunda ndi kamchere, n'kuikamo kachipangizo ka zitsulo kolumikizidwa ku magetsi. Mumaviika mapazi. Pakapita mphindi zingapo madzi amayamba chikasu, kenako amachita bii, pamwamba n'kuyandama thovu ndi tizidutswa tofiirira. Mwini makina amaloza: ichi chachokera kuchiwindi, ichi kumafupa. Koma bwanji osamupempha kuti ayatse makinawo mapazi anu ali panja? Madzi adzadabe chimodzimodzi, chifukwa chimene mukuonacho ndi dzimbiri la zitsulo zimene magetsi akudya m'madzi amchere. Timapepala tomata kuphazi usiku, timene timadzuka titada ndi kununkha, timadanso mukangotidonthezera madzi. Ku America, bungwe la boma loona zamalonda la Federal Trade Commission linatengera kukhoti ogulitsa timapepala totere ta Kinoki, ndipo mu 2010 khoti linawaletsa kutigulitsa.

Palinso chotsukira chiwindi, chomwe munthu amamwa mafuta a olivi osakaniza ndi madzi a mandimu usiku, m'mawa n'kupeza timibulu tobiriwira m'chimbudzi, n'kuuzidwa kuti ndi miyala ya m'ndulu. Mu 2005 magazini ya zachipatala ya The Lancet inafalitsa zimene madokotala a ku New Zealand anapeza atayeza timibulu totere. Munalibe zimene zimapanga miyala ya m'ndulu. Anali mafuta omwe aja atagwirana m'matumbo n'kukhala ngati sopo. Munthu wagula mafuta, wamwa, wawatulutsa, n'kuthokoza wogulitsa.

Ndiye pali tiyi. Matiyi ambiri a detox amakhala ndi masamba a senna, mankhwala akalekale otsegula m'mimba. Munthu amathamangira kuchimbudzi kasanu usiku umodzi n'kumati zikugwira ntchito. Kodi kuyambira liti kutsegula m'mimba kunakhala chizindikiro cha thanzi? Mwana akatsegula timathamanga naye kukafuna Thanzi ORS, koma wamkulu akulipira ndalama kuti adzitsegule yekha. Madokotala amene amalowetsa kamera m'matumbo tsiku ndi tsiku sapezamo matope a zaka khumi omatirira m'mbali monga timauzidwira. Khungu la m'kati mwa matumbo limasinthika lokha m'masiku ochepa chabe.

Sikelo nayo imanamiza. N'zoona kuti munthu akakhala masiku atatu akumwa majuwisi okha amatsika kilogalamu imodzi kapena awiri. Koma chatsikacho n'chiyani? Thupi limasunga shuga wapadera m'chiwindi ndi m'minofu, pafupifupi theka la kilogalamu, ndipo galamu iliyonse imasungidwa pamodzi ndi magalamu atatu a madzi. Mukasiya kudya, shuga ameneyu amayamba kutha, madzi ake n'kutuluka, matumbo n'kukhala opanda kanthu. Mukabwerera ku nsima, zonse zimabwerera m'malo mwake sabata isanathe. Wogulitsa amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake amati muzitsuka mwezi ndi mwezi.

Maganizo akuti munthu amadzipha yekha ndi zowola za m'matumbo mwake si atsopano. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, dokotala wotchuka wa maopaleshoni ku London, William Arbuthnot Lane, ankafika podula anthu matumbo aakulu pofuna kuwachiritsa matenda ongoganizirawa. Achipatala anawataya maganizowa atawayesa n'kupeza kuti alibe maziko. Amalonda ndiwo anawatola. Njira ya Master Cleanse ya Stanley Burroughs, yomwa madzi a mandimu, manyuchi a mtengo wa maple ndi tsabola kwa masiku 10, inatchukanso pamene woimba Beyoncé ananena kuti anaigwiritsa ntchito pokonzekera filimu ya Dreamgirls ya 2006. Mu 2020 kampani ya tiyi ya Teami inalipira $1 miliyoni itaimbidwa mlandu ku America wonena kuti tiyi wake amachepetsa thupi ndi kulimbana ndi khansa popanda umboni, komanso wolipira anthu otchuka pa Instagram amene sankaulula bwino kuti alipidwa. Mtsikana wa mimba yaphwatalala amene wanyamula kapu pachithunzi uja, mwamufunsa kuti walandira zingati?

Zikanakhala kuti ndi ndalama zokha zimene zikulowa m'madzi, bwenzi tikungoti aliyense ndi thumba lake. Koma pali miyoyo imene ikuikidwa pachiswe. Kutsegula m'mimba kwa masiku angapo kumataya potaziyamu, mchere umene mtima umadalira kuti uzigunda bwino. Kumachititsanso kuti mapiritsi olera asalowe mokwanira m'magazi. Makala akuda amene ena akusakaniza m'zakumwa amagwira mankhwala m'mimba, n'chifukwa chake achipatala amawapereka kwa amene wamwa poizoni; nanga akagwira ma ARV? M'dziko muno anthu pafupifupi 1 miliyoni ali ndi HIV, ambiri mwa iwo akumwa mankhwala okhala ndi dolutegravir, amene salowa bwino m'thupi akakumana ndi zinthu za kashiamu, ayironi kapena maginiziyamu wambiri. Wogulitsa ufa uja anakufunsani kuti mukumwa mankhwala anji? Anafunsa ngati muli ndi shuga asanakuuzeni kuti musadye masiku atatu? Anafunsa ngati mayi ali woyembekezera?

Ku Britain, mayi wina anauzidwa ndi mlangizi wa zakudya kuti azimwa madzi owonjezera oposa malita awiri pa tsiku ndi kuchepetsa mchere. Atayamba kusanza anauzidwa kuti ndi mmene zoipa zimatulukira. Mchere wa m'magazi unatsika, anakomoka n'kugwa khunyu, ubongo unawonongeka mpaka kalekale. Mu 2008 analandira chipukuta misozi choposa £800,000, ngakhale mlangiziyo anakana kuti analakwa. Taonani msampha wake: ukapeza bwino, ndiye kuti mankhwala agwira, ukadwala, ndiye kuti agwira kwambiri. Ndi liti pamene wogulitsa adzavomere kuti alephera?

Amatinso n'zachilengedwe, ndiye sizingapweteke. Mwabvi umene unamaliza makolo athu pa milandu ya ufiti unali khungwa la mtengo. Fodya ndi tsamba. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, pachipatala china chochepetsa thupi ku Brussels m'dziko la Belgium, chitsamba china chinalowa m'malo mwa chinzake m'mapiritsi. Amayi oposa 100 impso zinawonongeka, ambiri n'kufika pofuna makina kapena impso ya munthu wina, ena n'kudzadwala khansa ya njira ya mkodzo. Kumeneko kunali ma labotale ofufuza chimene chinachitika. Kabotolo kogulidwa padepoti, kopanda dzina la wopanga, kakakupwetekani mukadandaula kwa yani?

Tisakane, alipo amene amamvadi bwino akamaliza sabata ya detox. Koma taonani zimene anasiya sabata imeneyo: mowa, fodya, tchipisi cha pachiwaya, zakumwa za shuga, kugona mochedwa. Anayamba kudya zipatso ndi masamba. Nanga ulemu ukupita bwanji kwa kapaketi? Sitikunenanso za kusala kudya kwa chipembedzo, kaya pa Ramadan, pa Lenti kapena kuphiri. Amenewo ali ndi cholinga chawo ndipo sagulitsa ufa. Ndipo tisaseke amene amagula. Munthu amene waima pamzere wa chipatala kuyambira m'mamawa, n'kuonana ndi dokotala mphindi zitatu, n'kuuzidwa kuti mankhwala kulibe akagule, akakumana ndi wina womumvetsera modekha ndi kumulonjeza kuchira, n'chifukwa chiyani sangakopeke? Mu 1995 anthu miyandamiyanda anakhamukira ku Machinga kukamwa mchape wa Billy Chisupe, amene ankati umachiza Edzi, pa nthawi imene zipatala zinalibe choti n'kupereka. Edzi sinathe. Njala ya chiyembekezo ija ikadalipo, ndipo alipo amene aphunzira kuidyera masuku pamutu.

Chowawa kwambiri n'chakuti adani enieni a chiwindi ndi impso tili nawo, ndipo mayina awo ndi odziwika. Chuku cha mtedza ndi chimanga chosauma bwino chimatulutsa aflatoxin, amene amayambitsa khansa ya chiwindi. Mtedza wofwifwa ndi wowola umene timapatula pogulitsa umathera mu nsinjiro za pakhomo. Pali kachasu ndi timowa totchipa taukali. Pali hepatitis B, amene amadya chiwindi mwakachetechete kwa zaka, pomwe kuyezetsa kwake ndi kadontho ka magazi ndipo katemera wake ana athu akhala akulandira kuyambira 2002. Pali likodzo kwa okhala m'mbali mwa nyanja ndi m'madambo. Kuthamanga kwa magazi ndi shuga ndizo zikupha impso za anthu ambiri, nthawi zambiri munthu asakumva kupweteka kulikonse. Pa zonsezi, ndi chiti chimene tiyi wa senna amachotsa? Bambo amene mutu ukumupweteka chifukwa cha BP, n'kutha miyezi sikisi akutsuka thupi m'malo mokayezetsa, ndani adzayankhe sitiroko ikamugwetsa?

Mafunso otsala ndi a akuluakulu. Bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority lili ndi udindo woyang'anira mankhwala m'dziko muno, kuphatikizapo azitsamba ndi mmene amatsatsidwira. Kodi mwa timabotolo timene tikulengezedwa kuti timatsuka magazi, chiwindi ndi impso, ndi tingati timene linatiyeza n'kudziwa zimene zili m'kati mwake? Mndandanda wa tovomerezeka munthu wa ku Nsanje kapena ku Chitipa angaupeze kuti, m'chinenero chimene amamva? Nanga eni mawayilesi, amene m'mawa amaulutsa uthenga wa Unduna wa Zaumoyo, madzulo n'kugulitsa theka la ola kwa munthu amene akuti botolo limodzi limachiza shuga, BP, zilonda za m'mimba ndi kusabereka, anamupempha chikalata chanji asanamutsegulire maikolofoni?