Pansi pa Mitengo Pasakhale Mbee

Pa sukulu zambiri ana amafika m'maŵa atanyamula matsache. Amasesa paliponse, ngakhale pansi pa mitengo ya mango ndi kuseri kwa zipinda zophunziriramo kumene sikupita munthu. Kusesa nkwabwino ndithu, koma kusesa kotereku kumaononga. Tsache limachotsa masamba pamodzi ndi dothi lapamwamba, lomwe ndilo lachonde. Mvula ikadza imapeza nthaka ili mbee, nkukokolola dothi lotsalalo. Nchifukwa chake mizu ya mitengo yambiri ya pa sukulu ili pamtunda, ndipo ana amapunthwapo pothamanga.

Ena amayesa kubzala kapinga pamalo otere, koma kapinga amafuna dzuŵa. Pamthunzi amangonyentchera.

Komatu zilipo zomera zokonda mthunzi. Munthu amene anakwerako phiri la Zomba kapena la Mulanje anaona m'mbali mwa mitsinje zomera za masamba onga nthenga za tambala. Pa Chingerezi amazitcha fern. Tsamba lake pophuka limakhala lopindika ngati bongololo wokhudzidwa, kenaka limafunyululuka pang'onopang'ono. Zomerazi sizichita maluŵa ndiponso sizibala mbeu. Kunsi kwa tsamba kumakhala timadontho tofiirira, ndipo m'timadonthomo mumatuluka fumbi limene limamera likagwera pachinyontho. Munthu wosadziŵa amayesa matenda nkudula tsambalo, chonsecho lili bwinobwino.

Zomera zimenezi ndizo zoyenera kubzala pansi pa mitengo. Masamba ake amatchinga madontho a mvula kuti asamenye nthaka mwamphamvu, pamene mizu yake imagwira dothi kuti lisakokoloke. Kubzala kwake nkosavuta. Mvula itangoyamba, munthu amapempha phata limodzi kwa mnzake amene ali nazo, naligaŵa paŵiri kapena patatu, nkubzala m'dothi losakaniza ndi masamba oola. M'chilimwe zimafuna kuthirira, pakuti mtengo nawo umamwa madzi ambiri. Kukazula zomerazi m'nkhalango zotetezedwa ndi Boma popanda chilolezo ndi mlandu.

Alipo anthu otsutsa. Iwo amati pamalo poŵirira pamabisala njoka, ndipo sakunama ayi. Makolo ankasesa pabwalo kuti njoka ioneke isanafike pakhomo. Tsono njira, pakhomo ndi bwalo loseŵererapo zisesedwebe monga kale. Zomerazi zibzalidwe pokhapo pamene ana sapondapo, ndipo m'malire mwake muikidwe miyala kapena njerwa kuti wosesa adziŵe polekezera.

Pali mtundu wina wa zomerazi wosayenera kubzala, umene pa Chingerezi amati bracken. Ndi wautali, wa masamba okhakhala, ndipo umakonda poyera pamene pamaomba dzuŵa. Ku Nyika wafalikira kwambiri mpaka kulanda malo a udzu umene nyama zakutchire zimadya. Ng'ombe zikadya masamba ake masiku ambiri zimadwala, zina nkufa kumene. Mwana akakayika, ayambe wafunsa aphunzitsi kapena alangizi a zaulimi asanabzale.

Kumadera otentha ngati ku Nsanje, kumene madzi othirira amasoŵa, zomerazi sizingapirire. Kumeneko ana angosiya masamba ogwa pansi pa mtengo kuti aphimbe nthaka ndi kuolera pomwepo.