Wochotsedwa ntchito ku Joni ali ndi masiku 30

Pakati pa anthu a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amene amagwira ntchito m'minda ya mphesa ku Western Cape, m'minda ya malalanje ku Limpopo komanso m'nyumba za mabwana ku Johannesburg, ambiri amakhulupirira kuti munthu wopanda mapepala alibe kokadandaula. Bwana akati mawa asabwerenso, iye amangomanga katundu mwakachetechete, malipiro a mwezi wathunthu n'kutsalira komweko. Chikhulupiriro chimenechi n'cholakwika, ndipo chalemeretsa olemba ntchito ambiri.

M'chaka cha 2008, khoti loona za ntchito ku South Africa linaweruza mlandu wa kampani ya Discovery Health, imene inachotsa ntchito mzika ina ya ku Argentina chilolezo chake chogwirira ntchito chitatha mphamvu. Kampaniyo inkati popeza chilolezo panalibe, bungwe la CCMA, lomwe limamva madandaulo a apantchito, linalibe mphamvu pa nkhaniyo. Khoti linakana maganizowa. Linati malamulo aakulu a dzikolo amapereka ufulu wochitiridwa chilungamo pantchito kwa munthu aliyense, osati kwa mzika zokha. Chigamulochi sichipatsa munthu chilolezo chokhalira m'dzikomo, ndipo malamulo oona za olowa ndi otuluka akadalipo. Chimene chimatsegula ndi khomo lokadandaulira.

Kale chigamulo chotere chikanathera m'mabuku a maloya. Lero chili pa intaneti, pa tsamba la SAFLII, pomwe aliyense angachiwerenge kwaulere pa foni ya m'manja. Masamba ofanana nalo, monga MalawiLII ndi ZambiaLII, amasunga malamulo ndi zigamulo za mayiko awo. Fomu yotsegulira dandaulo ku CCMA, yotchedwa LRA 7.11, nayonso imapezeka pa intaneti, ndipo kutsegula dandaulo sikulira ndalama. Kunyumba ya malamulo nako kunachokera thandizo: kuyambira 2021 malipiro ochepetsetsa a wogwira ntchito m'munda anafanana ndi a apantchito ena, ndipo mu Malichi 2025 anafika pa R28.79 pa ola.

Vuto lagona pa nthawi. Dandaulo la kuchotsedwa ntchito mopanda chilungamo liyenera kufika ku CCMA pasanathe masiku 30. Wochedwa amayenera kupempha kuti amukhululukire, n'kufotokoza chimene chinamuchedwetsa, ndipo pempholo lingathe kukanidwa. Masiku 30 satalika kwa munthu amene wataya ntchito pamodzi ndi pogona, monga zimachitikira m'minda momwe nyumba ndi ya mwini munda. Sabata ziwiri zimatha akufunafuna pobisa mutu, ina imatha akudikira ndalama ya basi kuchokera kwa achibale. Kuwonjezera apo, zolembedwa zambiri za pa masambawa zili m'Chingerezi cha m'makhoti, chimene ngakhale ophunzira chimawazunguza mutu.

Apa ndiye pamene alangizi a m'madera, atsogoleri a mipingo ndi a magulu othandizana pamaliro amafunika. Sayenera kukhala maloya, pakuti pa gawo loyamba loyanjanitsa mbali ziwirizo maloya saloledwa n'komwe kuimira munthu. Chofunika n'kuthandiza wodandaula kulemba tsiku lenileni limene anachotsedwa, dzina la bwana ndi malo antchito, kusunga mauthenga a pa WhatsApp ndi timapepala ta malipiro, kenaka kudzaza fomu msanga. Nkhani ikavuta, mabungwe monga Lawyers for Human Rights ndi Women on Farms Project ya ku Stellenbosch amadziwa njira zake.

Kwa amene ali kumudzi, malire a nthawi ndi ena. Ku Malawi, lamulo la za ntchito la 2000 limapatsa wochotsedwa miyezi itatu yokadandaula kwa mkulu woona za ntchito paboma, ndipo zikakanika kumeneko nkhani imapita ku Industrial Relations Court.