Boti la hydrogen n'labwino, koma akamwetsa kuti?

Mu Malichi 2023 dziko la Norway linayamba kuyendetsa sitima ya pamadzi yotchedwa MF Hydra, yonyamula anthu 300 ndi magalimoto 80, pogwiritsa ntchito mpweya wa hydrogen. Anthu anaomba m'manja, ena mpaka kumati dizilo watha ntchito. Ine ndikuti tadikirani kaye, abale.

Makinawo ndilibe nawo mlandu. Fuel cell ili ngati batire losafuna kutchaja: hydrogen amalowa mbali ino, oxygen wa mumpweya timapumawu mbali inayo, pamatuluka magetsi opukusa mota, ndipo chotsalira ndi madzi basi. Utsi palibe, phokoso n'lochepa.

Pamene pagona nkhani ndi posunga. Hydrogen ndi wopepuka kuposa mpweya wina uliwonse, moti kuti akwane wambiri m'thanki pamafunika kumupanikiza mwamphamvu zedi, apo ayi kumuziziritsa mpaka asanduke ngati madzi. Eni Hydra anasankha kuziziritsa, kufika madigiri 253 kunsi kwa ziro. Kuziziritsa kokhako kumadya pafupifupi limodzi mwa magawo atatu a mphamvu imene ili mu hydrogen yemweyo. Ndipo ngakhale atero, pamafunikabe malita anayi kuti afanane mphamvu ndi lita imodzi ya dizilo. Inu a geni mukudziwa bwino: malo amene thanki yatenga ndi malo a katundu, chonsecho katunduyo ndiye amalipira ulendo.

Chinandiseketsa n'chakuti sitimayi itayamba kuyenda, hydrogen wake ankachita kuchokera ku Leuna, m'dziko la Germany, pa malole. Tangoganizani, mafuta opanda utsi kudutsa mayiko pamsewu kuti akaolotse anthu pa kamtunda kochepa!

N'chifukwa chake ndikuti maboma amene akuthira ndalama mu zimenezi ayambire padoko, osati pa boti. Amange kaye popangira ndi pomwetsera hydrogen pomwepo, ndi magetsi a madzi kapena a mphepo, poti hydrogen wambiri padziko pano amapangidwabe kuchokera ku gasi wa pansi ndi malasha, ndiye utsi umangosamukira ku fakitale.

Anzathu a ku Hamburg anaziona kale izi. Boti lawo la Alsterwasser, lonyamula anthu 100, linayamba kuyendera fuel cell mu 2008. Pofika 2013 zinathera panjira, osati poti makina anafa ayi, koma malo omwetsera hydrogen anatsekedwa chifukwa sankabweretsa phindu.