Makapisozi m'madzi a nkhuku: a Boma, mwatisiyiranji tokha?

Ku Chikweo nkhuku ikayamba kuwodzera, mapiko ali lende, mwini wake sapita kwa mlangizi wa ziweto, chifukwa mlangiziyo ndi mmodzi pa midzi yosawerengeka. Amapita ku golosale. Amagula makapisozi a anthu, maantibayotiki, n'kuwatsegula, n'kuthira ufawo m'madzi, n'kumwetsa khola lonse, yodwala ndi yabwinobwino yomwe. Zimenezi zikuchitika ku Chikweo, ku Ntaja, ku Ulongwe, ndipo aliyense akudziwa. Ine ndikuti mchitidwewu ukutikumbira dzenje, koma mlandu sindikuuika pa mayi amene akuyesa kupulumutsa thadzi lake. Thadzilo ndiye fizi ya mwana, ndiye ndiwo ya pa Idi, ndiye ndalama yokwerera kabaza usiku wa matenda. Mlandu uli pa amene anamusiya mayiyo kuti adzionere yekha.

Chitopa, chimene chimasesa makola nyengo yotentha, chimabwera ndi vairasi, ndipo kapisozi sagwira vairasi ngakhale muthire dzanja lonse. Chimene amachita m'mimba mwa nkhuku ndi kupha mabakiteriya ofooka, abwino ndi oipa omwe, n'kusiya olimba aja kuti aswane. Olimbawo amatuluka ndi zitosi pabwalo pomwe khanda likukwawa, mvula n'kuwakokolorera ku chitsime ndi ku madambo otsikira ku nyanja ya Chiuta. Tsiku lina khanda lija likadwala, mankhwala amene anachiza mkulu wake amakanika. Kafukufuku amene anatuluka mu magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2022 anapeza kuti m'chaka cha 2019 chokha anthu pafupifupi 1.27 miliyoni anafa padziko lonse chifukwa cha mabakiteriya osamva mankhwala, ndipo vutoli linakula kwambiri kuno ku Africa. Pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome anasanthula zotsatira za magazi a odwala kuyambira 1998 kufika 2016 ndipo anaona kusamva mankhwalaku kukukwera moopsa. Gawo lalikulu la vutoli limachokera ku momwe ife anthu timamwera mankhwala, inde. Koma kodi ndi chifukwa chowonjezera nkhuni pamoto kudzera m'khola?

Chimene chikundiwawa n'chakuti njira ina ilipo, ndipo si yachilendo kwa ife. Chimene chimasasitsa thobwa, chimene chimakhwimitsa chambiko, chimene chimawawasitsa matsukwa mayi akaviika mphale, ndi mabakiteriya a moyo a mtundu wa Lactobacillus ndi abale ake. Amadya shuga wa m'chakudya n'kutulutsa asidi. Akakhazikika m'matumbo a chiweto, asidiyo amalepheretsa mabakiteriya oipa monga Salmonella ndi E. coli kuswana momasuka, ndipo ena amatulutsa timadzi tina topha adani awowo. Amadzazanso malo pakhungu la m'kati mwa matumbo, monga momwe mbatata ikayanga bwino udzu umasowera pomera. Mabakiteriya amoyo operekedwa dala ku chiweto kuti achite ntchito imeneyi ndi amene akatswiri amawatcha ma probiotic.

Nzeruyi si ya dzulo. Mu 1973 ku Finland, ofufuza Nurmi ndi Rantala anapatsa anapiye ongoswedwa kumene mabakiteriya ochokera m'matumbo a nkhuku zazikulu zathanzi, ndipo anapiyewo anakana Salmonella kuposa anzawo. Dziko la Sweden linaletsa kuthira maantibayotiki m'zakudya za ziweto pofuna kuzinenepetsa mu 1986, ndipo mayiko a European Union onse analetsa mu 2006. Alimi a kumeneko sanasiye kuweta. Anakonza ukhondo wa m'makola, analimbikira katemera, ndipo pakati pa zina anatembenukira ku ma probiotic. Lero makampani awo amagulitsa mabakiteriyawa m'timapaketi, pa mtengo wa madola amene dziko lathu likuwasowa ngakhale ogulira mafuta. Ndiye tidzadikira mpaka liti kuti wina atigulitse mtundu wa kachilombo kamene abale ake ali mumtsuko wa thobwa kuseri kwa nyumba?

Taganizirani za mwanapiye wogula, woswedwa ndi makina. Wa m'mudzi amayenda ndi make, kujompha pomwe make wajompha, ndipo amatolera mabakiteriya abwino osadziwa. Wa makina alibe make. Amafika kwa mlimi matumbo ake asanakhazikike, atagwedezeka mu minibasi kuchoka ku Liwonde, ndipo sabata yoyamba yomweyo amayamba kutsegula m'mimba. Wogulitsa mankhwala amangotulutsa paketi ya oxytetracycline, osafunsa chimene chikudwalitsa, osanena n'komwe kuti pali masiku oyenera kudikira munthu asanadye nyama kapena mazira a nkhuku yomwa mankhwala. Pamenepa ndi pamene Lactobacillus akanagwira ntchito yake, matenda asanalowe.

Pasapezeke wondimva molakwa n'kukathira matsukwa m'khola lomwe lagwa chitopa. Lactobacillus sachiza chitopa, ndipo amene adzakugulitseni botolo ponena kuti limachiza chitopa ndi wakuba. Chitopa chimafuna katemera wa I-2, kadontho kamodzi m'diso la nkhuku iliyonse, katatu pachaka, nkhuku isanadwale. Ndiponso si chowawasa chilichonse chimene ndi mankhwala. Mabakiteriyawa ali ndi mitundu yambirimbiri: wina amapirira asidi wa m'mimba n'kukafika m'matumbo ali moyo, wina amafera panjira. Madeya oviikidwa mosasamala amachita chuku, ndipo chuku cha chimanga chimatha kukhala ndi poizoni wa aflatoxin amene amawononga chiwindi cha nkhuku ndi cha munthu yemwe. N'chifukwa chake nkhaniyi si yosiyira mlimi kuti azingoyesa. Ikufuna labotale.

Malabotalewo tili nawo. Ku Bunda kuli sukulu ya ukachenjede ya LUANAR ndi aphunzitsi a sayansi ya ziweto. Ku Lilongwe kuli Central Veterinary Laboratory, imene imapanga kale katemera wa I-2, ndiye luso losunga tizilombo tamoyo m'botolo lilipo. Ku Mikolongwe ku Chiradzulu kuli malo a boma oswetsera nkhuku zakuda zija zimene alimi amazitcha ndi dzina la malowo. Chikuletsa n'chiyani kuti akatswiriwa atenge thobwa, chambiko ndi matsukwa a m'midzi yathu, apatule mitundu ya Lactobacillus, ayese pa anapiye, aone imene ikuchepetsa kutsegula m'mimba ndi imfa, kenako auze mlimi mwachimvekere: madeya ochuluka chonchi, madzi chonchi, chidebe chovindikira, masiku akuti? Chaka ndi chaka ndalama zambiri za unduna wa zamalimidwe zimathera ku feteleza wotsika mtengo, ziweto n'kumatola nyenyeswa. Koma mvula ikadula ku Machinga, chimanga cha fetelezayo n'kuuma, banja limapulumuka pogulitsa mbuzi ndi nkhuku.

Boma linalemba ndondomeko yolimbana ndi kusamva mankhwala ya 2017 mpaka 2022, ndipo ziweto zinatchulidwamo. Bungwe la PMRA lili ndi mphamvu ya lamulo yoyang'anira kagulitsidwe ka mankhwala. Nanga makapisozi akupezeka bwanji pa benchi pamsika, pambali pa sopo ndi machesi? Koma kulanda makapisozi kokha, osapereka china m'malo mwake, n'kulanga wosauka kawiri. Mayi uja sadzaonerera thadzi lake likufa chifukwa choti ku Lilongwe kwalembedwa chikalata.

Kwa akuluakulu a ofesi ya zaulimi ya Machinga ADD ku Liwonde, kwa aphungu a m'maboma a Machinga ndi Balaka, pempho langa nali. Katemera wa chitopa azifika ku Chikweo pa nthawi yake, kutentha kusanayambe. Olembedwa ntchito ya ulangizi wa ziweto awonjezeredwe, apatsidwe njinga zamoto ndi mafuta ake. Ndipo kuyesa kwa ma probiotic a m'dziko muno kuchitikire m'makola enieni a ku Chikweo, alimi akuona ndi maso awo, zotsatira zake n'kulengezedwa pawailesi m'Chichewa ndi m'Chiyao.